Mphaka wa Pankhokwe: Njala Imapha, Kunenepa Kumaphanso

Mwezi wa Meyi ukafika kwa Kapelula, kum'mawa kwa boma la Kasungu, midzi imasintha maonekedwe. Zigafa zimene zinali zodzaza ndi fodya chiyambire mu Febuluwale zimayamba kupepuka, mabelo amakhala akudikira lole yopita ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndipo ngolo zimangopasana m'njira kututa chimanga. Iyi ndi nyengo imene bambo ndi mayi amakhala pansi madzulo kuwerengera ngati chakudya chimene apeza chiwafikitse chaka chamawa. Komatu pali wina amene amawerengera nawo, chonsecho khasu sanaligwireko ngakhale tsiku limodzi. Ameneyu ndi khoswe.

Khoswe amadya chakudya chokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lake tsiku lililonse, ndipo chimene amaononga ndi mkodzo ndi zitosi zake n'chochuluka kuposa chimene amameza. Amakhala ndi bere masabata atatu okha, ana ake n'kuyambanso kuswana pakatha miyezi itatu. Amaboola matumba, amatafuna zovala, ndipo usiku amaluma ana zala. Amene anaona njala ya mu 2002, imene inasautsa kwambiri boma la Kasungu, sangaseke akamva kuti dengu limodzi la chimanga lapita ndi makoswe.

Pa chifukwa chimenechi mabanja ambiri amasunga mphaka, amene ena amati chona kapena pusi. Ndi mlonda wosafuna malipiro a pamwezi, wosaodzera usiku. Koma tikamayenda m'midzi ndi m'malo a malonda, timaona amphaka a mitundu iwiri amene amatimvetsa chisoni. Woyamba ndi wa pankhokwe: nthiti zikuwerengeka patali, ubweya uli nyankhalala, m'maso muli manthongo. Wachiwiri ndi wa m'golosale kapena pa lesitilanti: wanenepa mpaka khosi silioneka, tsiku lonse ali gone pa thumba la shuga, khoswe akudutsa pamphuno pake iye osatekeseka. Eni ake a woyamba amati akum'phunzitsa ntchito. Eni ake a wachiwiri amati akumukonda. Ife tikuti onse awiri akudwala, ndipo matenda awo achokera m'mbale.

KODI WANJALA NDIYE AMAGWIRA MAKOSWE?

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti mphaka ukamam'patsa chakudya amachita ulesi, tsono ndi bwino kumusiya ndi njala kuti azisaka. Maganizo amenewa amamveka ngati anzeru, koma akatswiri amene anakhala pansi kuonetsetsa khalidwe la amphaka anapeza zosiyana.

Mu 1976 katswiri wina dzina lake Robert Adamec anayesa motere: anapatsa amphaka chakudya chimene amachikonda, ndipo ali mkati mwa kudya anawatulutsira khoswe wamoyo. Amphakawo anasiya mbale, kupha khoswe uja, kumukokera pafupi ndi mbale, kenaka n'kupitiriza kudya chakudya chawo chija. Izi zinasonyeza kuti mwa mphaka, chilakolako chosaka ndi njala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chimene chimamudzutsa ndi kaphokoso ka m'udzu ndi kanthu kothamanga, osati kulira kwa m'mimba kokha.

Kale kuposa apo, mu 1953, Charles Elton wa ku yunivesite ya Oxford anasindikiza zimene anaona m'mafamu a ku England. Iye anapeza kuti amphaka paokha sangamalize makoswe pamene achulukana kale, koma makoswewo akachepetsedwa ndi njira zina, amphaka amawaletsa kubwereranso, malinga eni famu aziwapatsako chakudya kuti azikhala pomwepo. Apa ndiye pagona nkhani. Mphaka wanjala sakhazikika pakhomo. Amapita kudambo kukasaka mbewa ndi mbalame, amalowa m'khola la anapiye a mnansi, amavundukula mphika wa ndiwo, ndipo potsiriza amasamukira kumene kukununkhira nsomba. Nkhokwe imene timafuna kuti ailonde imatsala yokha.

Kufupi ndi kwathu kuno, ku Eswatini, kafukufuku amene anatuluka mu 2017 anayerekeza makomo 40 a kumudzi. Makomo amene anali ndi mphaka ndi galu pamodzi ndi amene makoswe ankaopa kwambiri kudyapo, pamene pa makomo a mphaka yekha kapena galu yekha kusiyana kunali kochepa. Phunziro lake n'lakuti mphaka ndi mbali imodzi chabe ya chitetezo. Nkhokwe ikhale yokwezeka, miyendo yake ivekedwe malata, tchire lozungulira lilambulidwe, ndipo mlondayo akhale wamphamvu. Khoswe wamkulu amaluma, tsono mphaka wofooka amangomuyang'ana.

MIMBA YA MPHAKA SI YA MUNTHU

Kholo la mphaka wa pakhomo ndi mtundu wa vumbwe wa kumpoto kwa Africa ndi maiko a Aluya, m'bale wake wa vumbwe wathu wa m'tchire muno. Anthu atayamba kulima ndi kusunga mbewu, mbewa zinasonkhana pa zosungiramo zawo, ndipo vumbwe anazitsatira. Pa chilumba cha Cyprus akatswiri anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 mmene munthu anaikidwa moyandikana ndi mphaka, ndipo nkhaniyi inalengezedwa mu 2004. Tinganene kuti nkhokwe ndiyo inatikumanitsa ndi nyama imeneyi.

Koma m'zaka zonsezi thupi lake silinasinthe kwenikweni. Galu amatha kukhala ndi moyo pa nsima ndi makombo, mphaka ayi. Tamutsegulani kukamwa muone: mano ake onse ndi obaya ndi odula, palibe opera ngati athu. Matumbo ake ndi aafupi, oyenera nyama imene sichedwa kugayika. Mu 2005 akatswiri a ku Philadelphia, m'dziko la America, anapeza kuti lilime la mphaka silimva n'komwe kutsekemera. Tikamuona akunyambita phala la shuga, chimene chamukopa ndi mkaka kapena mafuta amene alimo.

Nsima imadzaza mimba ya mphaka koma simanga thupi lake. M'nyama ndi m'nsomba muli kanthu kena kotchedwa taurine, kamene thupi la munthu ndi la galu limatha kudzipangira, koma la mphaka silipanga kokwanira. M'chimanga, m'nyemba ndi m'masamba mulibe. Mphaka akakasowa kwa miyezi yambiri, maso ake amachita khungu pang'onopang'ono, wamkazi amataya bere kapena kuswa ana ofooka, ndipo mtima umakula n'kulobodoka. Za mtimazi zinadziwika mu 1987 pamene dotolo wa ziweto Paul Pion ndi anzake ku yunivesite ya California, ku Davis, anaona kuti amphaka odwala mtima ankachira akapatsidwa taurine. Kuchokera pamenepo makampani opanga zakudya za amphaka anayamba kuonjezera kanthuka mokwanira.

Mwina wina afunsa kuti, nanga si amadya mbewa? Tiyeni tiwerenge. Mbewa imodzi yaing'ono imapereka mphamvu yokwana makalori pafupifupi 30, pamene mphaka wolemera makilogalamu 4 amafuna makalori 200 mpaka 250 patsiku. Ndiye kuti kuti akhute ndi mbewa zokha ayenera kugwira 7 kapena 8 tsiku lililonse, dzinja ndi chilimwe. Ndi khomo liti limene lingam'patse zimenezi? Ndipo ngati lilipo, ndiye kuti chimanga cha pakhomopo chinatha kale.

TIM'PATSE CHIYANI PA MUDZI PANO?

Tikudziwa kuti ndiwo za nyama n'zosowa ngakhale kwa ana athu, ndipo sitikunena kuti munthu wa kwa Kapelula azikwera basi kukagula zakudya za m'zitini ku masitolo a ku Lilongwe. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Amene wafuna mlonda avomere kumudyetsa, ndipo mwamwayi mimba ya mphaka ndi yaing'ono. Zambiri zimene amafuna ndi zimene timataya kudzala.

Usipa, matemba ndi utaka zimene zimafika m'misika yathu kuchokera kunyanja ndi chakudya chabwino, chifukwa mphaka amadya ndi timinga tomwe, timene timalimbitsa mafupa. Mitu imene mayi amadula posadzula, ndi zinyenyeswa za pansi pa dengu zimene ogulitsa amapereka motchipa, n'zokwanira. Tiziviike m'madzi kuti mchenga ndi mchere zichoke, kenaka tiziwiritse pang'ono. Kuwiritsaku n'kofunika chifukwa m'nsomba zina zosaphika, ngakhale zouma padzuwa, muli chinthu chimene chimaononga vitamini B1, ndipo mphaka wosowa vitamini ameneyu amadzandira, kupinda khosi ndi kukomoka. Msuzi wake tisataye, popeza taurine amasungunukira m'madzi.

Tikapha nkhuku kapena mbuzi, tim'sungire mtima, nthutumba, mapapo ndi matumbo otsuka, zonse zowiritsa. Chiwindi tim'patse kachidutswa kamodzi pa sabata, chifukwa chikachuluka vitamini A amene alimo amaumitsa mafupa a khosi ndi msana. Dzira lowiritsa ndi chakudya champhumphu. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ndiwo pakhomo zimakhala nkhwani, bonongwe ndi therere, mphaka ndiye amavutika kuposa onse, chifukwa masamba sam'thandiza kanthu. Nthawi imeneyi ngumbi ndi ziwala zimam'pulumutsa, ndipo ana akatola, apatuleko pang'ono asanathire mchere.

Nsima kapena mpunga tingasakanizeko, koma zikhale zochepa kuposa nsomba kapena nyama. Kwa mphaka wamkulu amene amasakanso, kadzanja kamodzi ka usipa m'mawa ndi kena madzulo, kosakaniza ndi kambamu ka nsima, n'poyambira pabwino. Kenaka thupi lake ndilo litiuze ngati tionjezere kapena tichepetse. Tisam'patse nsomba zokhazokha chaka chonse. Kusinthasintha ndi dzira ndi nyama kumateteza matenda ena. Mbale yake tiziika malo amodzi, pafupi ndi nkhokwe kapena chipinda chosungiramo matumba, pa nthawi imodzimodzi. Mphaka amalonda pamene amadyera.

Madzi oyera asasowe, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Popeza makolo ake anali a m'chipululu, mphaka samva ludzu msanga, ndipo wodya zouma zokhazokha amavutika ndi impso ndi chikhodzodzo. Wamwamuna akamakhala pansi kawirikawiri kufuna kukodza koma osatulutsa kanthu, tithamange naye kwa a zaziweto tsiku lomwelo.

M'mwezi wa Ramadhani moto wa masana umazima m'makomo mwathu, koma tikumbukire kuti kusala si kwa mphaka. Tim'patulire chakudya pa nthawi ya dakwi kuti adye masana. Pa Idi ya Qurbani napo, pamene nyama imachuluka, tisamuunjikire mafuta tsiku limodzi. Ndi bwino kuyanika tizidutswa topanda mchere kuti timudyetse masabata angapo.

ZOSAYENERA KULOWA M'MBALE YAKE

Anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimaononga magazi a mphaka. Popeza ndiwo zathu zambiri timathira anyezi, mchere ndi tsabola, gawo la mphaka tizipatula tisanakazinge. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka n'kubaya pakhosi kapena m'matumbo, chimodzimodzinso minga zikuluzikulu za chambo ndi mlamba. Tiyi ndi khofi si zake. Mkaka wa ng'ombe, umene ambiri timaganiza kuti ndiwo chakudya chenicheni cha mphaka, umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu, chifukwa akaleka kuyamwa thupi lawo silithanso kugaya bwino shuga wa mumkaka. Chambiko chochepa amachilandira bwino koposa mkaka wamadzi.

Chenjezo lalikulu ndi la mankhwala a anthu. Mphaka akaoneka wodwala, ena mwa chifundo amam'mwetsa Panado. M'bulu umodzi wokha ungathe kumupha, chifukwa chiwindi chake sichitha kuchotsa paracetamol m'magazi. Tisam'patse mankhwala alionse popanda kufunsa mlangizi wa ziweto.

SIKELO ILI M'DZANJA MWATHU

Amphaka ambiri a kwathu kuno akakula bwino amalemera pakati pa makilogalamu 3 ndi 4 ndi theka, aamuna kuposa aakazi. Amene ali pafupi ndi golosale angathe kumuika m'chikwama, kuyeza, n'kuchotsera kulemera kwa chikwamacho, kamodzi pa mwezi. Koma pali njira ina yosafuna sikelo, imene ngakhale mwana wa sukulu angaiphunzire.

Fumbatani chibakera, ndipo yendetsani chala pa mfundo za zala. Ngati nthiti za mphaka wanu zikumveka chonchi, ndiye kuti waonda kwambiri. Tsopano tambasulani dzanja, yendetsani chala kumbuyo kwake, pamwamba pa mafupa opita ku zala. Mafupa akumveka koma akutidwa ndi kamnofu. Umu ndi mmene nthiti za mphaka wathanzi zimamvekera. Potsiriza tembenuzani dzanja, mugwire pachikhatho m'munsi mwa zala. Ngati muyenera kudinikiza kuti mupeze nthiti, mphaka wanenepa mopitirira.

Muyang'aneninso kuchokera pamwamba ataimirira. Kumbuyo kwa nthiti payenera kuoneka chiuno cholowa pang'ono. Ngati mafupa a msana ndi a m'chiuno atuluka ngati mapaso a denga, pali vuto. Ngati thupi lonse langoti bulunge ngati dzungu, palinso vuto. Kachikopa kolendewera kunsi kwa mimba, pafupi ndi miyendo yakumbuyo, kasatisokoneze, popeza amphaka ambiri athanzi ali nako.

MIMBA YOTUPA SI KUNENEPA

Kumudzi kuno vuto lofala ndi kuonda, ndipo nthawi zina limabisala. Timaona kamwana ka mphaka kali ndi mimba yaikulu, ife n'kumati kakudya bwino, chonsecho miyendo ili ngati timitengo. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Mimba yotere kawirikawiri imakhala ya njoka za m'mimba. Ana amazitenga poyamwa, ndipo akuluakulu amazitenga podya mbewa ndi pomeza nthata podzinyambita. Tikaona tinthu toyera tonga mpunga kunsi kwa mchira, ndi zidutswa za njoka zimenezi. Mphaka wotere ngakhale adye bwanji sanenepa, chifukwa akudyera alendo.

Mphaka wosaka ayenera kumwa mankhwala a njoka pafupifupi miyezi itatu iliyonse, pa muyeso umene mlangizi wa ziweto watiuza molingana ndi kulemera kwake. Izi zimatetezanso ana athu amene amasewera pa mchenga pamene mphaka amakwirira ndowe zake. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo mayi woyembekezera asagwire ndowe za mphaka, chifukwa nthawi zina mumakhala tizilombo timene tingavulaze mwana wosabadwa.

Mphaka wokalamba amene wayamba kuonda pamene akudya bwino, kapena amene akumwa madzi ambiri modabwitsa, angakhale ndi matenda a impso kapena a shuga. Wina amaonda chifukwa cha mano owawa: amafika pa mbale, kununkhiza, n'kubwerera. Onsewa ndi ofunika kuonedwa ndi a zaziweto, osati kungowaonjezera nsima.

WA BERE NDI ANA AKE

Mphaka amakhala ndi bere masabata 9. Panthawi imeneyi chakudya chake chizionjezeka pang'onopang'ono, ndipo akamayamwitsa amafuna kawiri kapena katatu kuposa masiku onse. Apa m'pamene amphaka aakazi ambiri a m'midzi amathera thupi, ena mpaka kusiya ana. Kamwana kamabadwa kolemera pafupifupi magalamu 100, ndipo kakamakula bwino kamaonjezera pafupifupi magalamu 100 sabata iliyonse. Pa masabata anayi tingayambe kukapatsa usipa wowiritsa wosinja, kanayi patsiku. Tisapereke ana kwa anzathu asanakwanitse masabata 8, chifukwa ochotsedwa msanga kwa make amakula onyentchera, ndipo ukatswiri wosaka amauphunzira kwa makeyo. M'mera mpoyamba.

Mphaka mmodzi wamkazi angathe kuswa kawiri kapena katatu pa chaka. Khomo limene likulephera kudyetsa mmodzi silingadyetse khumi, ndipo mapeto ake ndi kukataya ana kutchire. Njira yachifundo ndi kufula wamwamuna ndi kutseka wamkazi kwa dotolo wa ziweto. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA, limene linayamba mu 2008, lakhala likugwira ntchito imeneyi, ndipo ofesi ya ziweto ya pa boma ingatiuze kumene tingapeze thandizo pafupi. Mphaka wofulidwa amasakabe, ndipo sayendayenda, koma amafuna chakudya chocheperapo. Tikapanda kuchepetsa, amasanduka uja wa pa thumba la shuga.

UJA WA PA THUMBA LA SHUGA

Mwa chikhalidwe chathu kunenepa timakuona ngati chizindikiro cha mtendere, ndipo fodya akagulidwa bwino timafuna kuti ngakhale ziweto zioneke kuti pakhomo pali ndalama. Koma taganizani: mphaka woyenera kulemera makilogalamu 4 akafika pa 5, ali ngati munthu wa makilogalamu 60 amene wafika pa 75. Kilogalamu imodzi kwa mphaka si yamasewera. Ku America, kumene amphaka ambiri amakhala m'nyumba osatuluka, kafukufuku wa mu 2022 anapeza kuti amphaka 6 mwa 10 alionse anali onenepa mopitirira muyeso. Kwathu kuno vutoli likuoneka m'matauni ndi m'malo a malonda, kumene mphaka amapatsidwa zotsala za tchipisi, mandasi, zikopa za nkhuku ndi mafuta a pa chiwaya, ndipo aliyense wodutsa amam'ponyera kanthu.

Mphaka wonenepa amagwidwa msanga ndi matenda a shuga, mfundo za miyendo zimawawa, amalephera kudumpha, ndipo satha kupindika kuti adzinyambite kumsana, kotero ubweya umapotana n'kuyamba zilonda. Masiku ake a moyo amachepa.

Pomuchepetsa thupi tisapupulume. Apa pali ngozi imene ambiri saidziwa. Mphaka wonenepa akakhala masiku angapo osadya, thupi limatumiza mafuta ambiri ku chiwindi nthawi imodzi, chiwindi n'kulephera ntchito. Maso ndi nkhama zimachita chikasu, ndipo ambiri amafa. Choncho kum'tsekera kunja kuti aonde ndi njala n'kumupha. Njira yoyenera ndi iyi: munthu mmodzi yekha pakhomo akhale wodyetsa, ayeze chakudya ndi kachitini kamodzimodzi, achotse zamafuta ndi zaufa, achepetse chakudya cha tsiku ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo chotsalacho achigawe katatu kapena kanayi. Ana amuseweretse madzulo ndi nthenga yomangirira ku kamtengo kuti athamange. Mphaka wa makilogalamu 5 akamatsika ndi magalamu 50 pa sabata, zikuyenda bwino, ngakhale zitenge miyezi isanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

POIZONI WA PAKHOMO PA MLIMI

Kudera la fodya ngati lino, amphaka ambiri safa ndi ukalamba. Mankhwala a Temik, amene ambiri timati temeki, anabwera ngati ophera tizilombo m'minda, koma akhala akugulitsidwa m'timapepala ngati ophera makoswe. Munthu amawasakaniza ndi usipa kapena nsima n'kuika pakona. Nanga usipawo adye ndani poyamba ngati si mphaka wanjala? Wina amafa atadya khoswe amene wadya poizoniyo. Zizindikiro zake ndi dovu lambiri, kusanza, kunjenjemera ndi kupuma movutika. Choopsa koposa n'chakuti nyambo yomweyo ingatoledwe ndi mwana wokwawa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo nyumba imene muli ana, nkhuku ndi mphaka ndi mkhate womwewo. Misampha ndi yabwino koposa poizoni.

Mankhwala a nthata opangira agalu amene muli permethrin amapha mphaka, choncho tisamudzoze, ndipo tisamusambitse ndi dibi wa ng'ombe. Asagone pa matumba a chimanga amene angothiridwa kumene mankhwala a anankafumbwe, chifukwa chilichonse chimene chamatirira pa ubweya amachinyambita. Fodya naye ali ndi chikonga chimene ndi poizoni kwa mphaka. Kum'chotsa pa mulu wa fodya wosankha kuli ndi phindu lina: ubweya, nthenga ndi zinyalala zikapezeka m'belo, belolo limabwezedwa ku okushoni.

Tisaiwalenso chiwewe. Matendawa sagwira agalu okha. A zaziweto akalengeza katemera, mphaka nayenso apite, atamuika m'dengu lovundikira. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wachilendo kapena wosintha khalidwe, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite ku chipatala tsiku lomwelo osadikira kuti aone.

NDI UDINDO, SI CHIFUNDO CHABE

Nkhani ya chakudya cha mphaka si yachilendo kwa ife Asilamu. M'mabuku a Hadisi a Bukhari ndi Muslim, Mtumiki Muhammad (S.A.W.) anafotokoza za mayi amene analandira chilango cha Moto chifukwa anatsekera mphaka mpaka kufa, osam'dyetsa komanso osam'masula kuti akadzisakire. Mmodzi mwa maswahaba odziwika kwambiri timam'tchula ndi dzina lakuti Abu Hurairah (R.A.), kutanthauza mwini kamphaka, chifukwa cha kamphaka kamene ankakonda kukanyamula. Ku Egypt, Sultan Baybars amene analamulira kuyambira 1260 mpaka 1277 anasiya munda mu mzinda wa Cairo kuti phindu lake lizidyetsa amphaka opanda mwini.

Pali chinthu chimodzi chimene chimachitika m'madera a maesiteti chimene tiyenera kuchitchula. Msika wa fodya ukatha, mabanja ena a matenanti amabwerera kwawo kapena kusamukira ku esiteti ina, ndipo mphaka amatsala pakhomo lotseka. Amalira masiku angapo, kenaka amalowa m'tchire kapena kufa. Ngati sitingathe kumutenga, tim'pereke m'manja mwa mnansi amene wavomera, tisanakweze katundu.

Abale ndi alongo, zimene tafotokozazi sizifuna ndalama zambiri. Zifuna kuti madzulo ano, mayi akamasadzula usipa, mitu isapite kudzala. Zifuna kuti mwana mmodzi apatsidwe ntchito yothira madzi m'kambale tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti kamodzi pa mwezi wina agwire nthiti za mphaka ndi kuona ngati zikufanana ndi chibakera, kumbuyo kwa dzanja kapena chikhatho. Kupatsa n'kuika. Kadzanja ka usipa kamene tapereka mu Juni tidzakapeza mu Febuluwale, pamene tidzatsegula nkhokwe ndi kupeza chimanga chikadalipo.